Mileme Imagona, Iwe Ayi

Ndinakutseka pa siteshoni ya Blansko, chisanu chikuluma makutu.
Chivundikiro chako chinagwa ngati chikope,
kanyale kako kakuphethira mwaulemu,
ndinati wagona.
Pofika ku Brno chikwama chinali chitafunda
ngati buledi wongophula kumene,
feni yako ikupuma wefuwefu pakati pa masokosi anga onyowa,
batire itatsala kadontho.
Unali maso njira yonse, kathyali iwe.

Ntchito yanga ndi kuwerenga ogona.
Kuyambira Disembala ndimakwawa m'mapanga ndi tochi yofiira,
kuwerenga mileme yolendewera kudenga,
mame atamera pa ubweya wawo,
mtima ukugunda mwa apo ndi apo ngati wobwereka.
Mleme ukadzuka pachabe nyengo ino umadya mafuta ake omwe,
Epulo sumuona.
Ndiye sikuti ndangokukwiyira. Ndikukuopera.

Radovan wa chipinda chapamwamba,
amene masana amakonza mabuleki a sitima za mumsewu,
anabwera ndi mowa mabotolo awiri, nati:
Zdislava, usanamizire Linux.
Vuto lili pansi penipeni,
m'kachipangizo kochepa ngati chikhadabo
kamene a fakitale anakalembera malamulo, n'kukaiwala.
Makina akamayaka, kameneko kamafunsa, ndiwe yani?
Ukatchula dzina la amene analipira, kamakuyalira bedi.
Ukatchula lako, kamakusiya chiimire pakhomo.

Choncho tinanama.
Mzere umodzi basi, pamalo poyatsira,
pulogalamu yolembedwa ndi anthu ongodzipereka
ikuvala jekete la eni ndalama.
Ndinachita manyazi pang'ono. Kenako ndinadina batani.

Sizinakwanire.
Usiku wachitatu ndinatulutsa matebulo ako onse,
mizere zikwi makumi atatu ndi kanthu,
chinenero cha munthu amene ankathamangira basi yomaliza.
Cha m'ma thuu koloko, tiyi atazizira kachiwiri, ndinaupeza:
mzere wodikira yankho kwa chipangizo chimene mulibe mwa iwe,
chotsalira cha laputopu ina, mkulu wako wa chaka chinacho.
Ukagona, unkaitana wakufa,
ndipo poti sankayankha, unkadzuka kukamufuna.

Sindikudziwa amene analemba mzerewo.
Mwina mwana wake ankadwala tsikulo.
Ndinaufufuta mosatukwana.

Kuzimitsa, kuyatsa, kutseka, kudikira,
kusanjika tsaya pa iwe ngati namwino wopanda zida.
Kakhumi ndi kasanu ndi kawiri.
Kamodzi unakana kuyaka mpang'ono pomwe,
ndinakhala mumdima ndikuganiza za mileme zikwi ziwiri
imene ndinaiwerenga koma sindinaikopere kwina.
Radovan anadina kabowo ka pansi ndi waya wopanira mapepala.
Unatsokomola, unabwerera.

Lachisanu ndinakutseka batire ili pa eyite wani.
M'mawa inali pa sevente naini.
Ndinajambula sikirini ngati chithunzi cha ubatizo.

Zaulere sizikhalapo ayi:
ukadzuka, intaneti imatsalira m'tulo,
ndiye ndinalemba timizere tinayi toigwedeza paphewa.
Batani lochepetsera kuwala linafa, ndalilira, ndalizolowera.
A fakitale ndinawalembera kalata.
Anayankha patatha milungu isanu kuti
makinawa sanawapangire anthu ngati ine,
ndipo akundifunira tsiku labwino.

Kumimba kwako ndamatako kapepala, ka inki yobiriwira:
Akakuuza kuti abweretsa malamulo atsopano, uyambe wandifunsa.

Lero ndili pakamwa pa phanga, chipale chofewa chafika m'mawondo.
Anzanga akumanga zipewa, akutsitsa mawu.
Ndavula golovesi, ndapisa dzanja m'chikwama
pakati pa buku ndi botolo la tiyi,
ndakukhudza.
Uli zii, ngati mwala wa m'kati umo.
Sindikudzutsa. Tikalowe.